Mudzi wosaoneka wa m'mimba mwa kapenta

Mukanyamuka mu Lusaka m'mamawa kulowera kum'mawa pa msewu wa Great East, n'kudutsa Chongwe, matumba a makala amayamba kundandalika m'mbali mwa msewu ndipo mapiri amayandikira. Musanatope n'kukhala m'basi mumakhala mwafika pa Chinyunyu, mtunda wa makilomita opitirira 80 kuchokera mumzinda. Malowa ali m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, m'dera la Asoli a Mfumu Bunda Bunda. Chimene chimaimitsa apaulendo pano ndi madzi otentha otumphuka pansi. M'nyengo yozizira nthunzi imafuka pakati pa udzu ngati wina waiwala mphika pamoto, ndipo pamene madziwo akutulukira penipeni simungaviikepo dzanja n'kulisiya.

Ena amabwera kudzangoona, ena amatunga m'mabotolo pokhulupirira kuti madziwo ndi mankhwala. Ine chimene chimandikoka mtima ndi kamtsinje kamene madziwo amapanga akamachoka pa kasupe. Akamatsetsereka amanka nazirala, ndipo zamoyo zokhalamo zimanka zisintha. Potentha kwambiri palibe nsomba kapena chule amene angapirire, komabe si pabwinja ayi. M'akasupe otere mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakondwa ndi kutenthako. Nkhani ya matumbo a nsomba imene ndikufuna kukamba inayambira pa kasupe wonga ameneyu, kutali ku America.

Mu 1966 katswiri wina dzina lake Thomas Brock, ali ndi wophunzira wake Hudson Freeze, anatapa zoterera za m'kasupe wotentha wa ku Yellowstone ndipo anapezamo bakiteriya amene amakula bwino m'madzi otentha madigiri 70. Mu 1969 anamutcha Thermus aquaticus. Kwa zaka zingapo inali nkhani ya m'mabuku chabe. Koma m'zaka za m'ma 1980, Kary Mullis ndi anzake atatulukira njira yochulukitsira DNA yotchedwa PCR, panafunika chokopera DNA chimene sichingaonongeke chikatenthedwa mobwerezabwereza. Anachipeza mwa bakiteriya wa m'kasupe uja. Mayi aliyense amene khanda lake linayezedwa HIV lili ndi milungu 6, ndi aliyense amene anapimidwa Covid-19 pa PCR, anathandizidwa ndi mbadwa ya m'madzi otentha.

Njira yomweyi ndiyo inatsegula m'mimba mwa nsomba. Kale wofufuza ankatapa za m'matumbo n'kuzipaka pa mbale ya mu labotale, n'kudikira kuti aone chimene chimere. Vuto linali lakuti mabakiteriya ambiri a m'matumbo samera pa mbale, ndipo ena amafa akangokhudzana ndi mpweya. Lero amangotulutsa DNA yonse ya m'matumbomo, n'kuchulukitsa kachigawo kamodzi kotchedwa 16S rRNA kamene bakiteriya aliyense ali nako, n'kuwerenga ngati mmene wapolisi amawerengera dzina pa chitupa. M'kathumbo kochepa ngati ulusi amapezamo mitundu yambirimbiri.

Ndiwo yosatumbula

Kuyambira pa Chongwe mpaka pa mlatho wa Luangwa, pamene fungo la nsomba zouma limakulonjerani basi isanaime, palibe msika umene mungasowe tinsomba ting'onoting'ono. Amayi ogulitsa amadziwa kusiyanitsa kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, ndipo chisense cha ku Luapula amachiika pachokha. Amayeza pa meda kapena pa kachitini, malinga ndi thumba la wogula. Kapenta wa ku Siavonga si mbadwa ya kumeneko. Makolo ake anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968 n'kuthiridwa mu Kariba, ndipo pambuyo pake mbewuyo inatsika ndi Zambezi mpaka kukakhazikika ku Cahora Bassa, m'chigawo cha Tete.

Nsomba yaikulu timaitumbula, matumbo n'kuponyera galu kapena nkhuku. Kapenta satumbula. Timangomutsuka m'madzi ofunda, n'kumukazinga ndi tomato ndi anyezi kapena kumutendera nsinjiro, n'kudya mutu, minga, maso ndi matumbo omwe. Matemba ndi usipa n'chimodzimodzi, ngakhale ena amadula mitu ya usipa pothawa kuwawa. Ndiye ngati pali anthu padziko pano amene ayenera kufunsa zimene zili m'mimba mwa kansomba, ndi ife amene timakadya kathunthu.

Muli mudzi wodzaza. Pa galamu imodzi ya za m'matumbo a nsomba pamakhala mabakiteriya mamiliyoni ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sabweretsa matenda. Amathandiza kugaya zakudya zimene nsombayo payokha ikanalephera, makamaka ndere ndi zomera. Amadzaza malo kotero kuti tizilombo toyambitsa matenda timasowa pokhala. Ndipo ena amapanga zinthu zimene thupi la nsomba limafuna.

Wodziwika kwambiri pa ntchito yomalizayi ndi bakiteriya wotchedwa Cetobacterium somerae, amene amapezeka mochuluka m'matumbo a nsomba zambiri za m'madzi opanda mchere. Iyeyu amapanga vitamini B12. Ofufuza a ku Japan, motsogoleredwa ndi Haruo Sugita, anaonetsa kuti nsomba zimene zili naye wambiri zimakhalanso ndi B12 wambiri m'matumbo, ndipo zinali zitadziwika kale kuti mtundu wa chambo wotchedwa Nile tilapia umakula bwino ngakhale chakudya chake chilibe vitamini ameneyu. Palibe mtengo, ng'ombe kapena nsomba imene imapanga B12 payokha. Amapangidwa ndi tizilombo tosaonekati basi. Vitamini ameneyu ndi amene amathandiza kupanga magazi ndi kukulitsa ubongo wa mwana, ndipo mu nsima ndi masamba mulibe. M'dziko la Zambia, limene kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kambale ka kapenta kamapereka B12, kashiamu wa m'minga, ayironi ndi zinki pa mtengo umene banja losauka lingakwanitse. Zimandipweteka ndikamva ana a m'tauni akuchita manyazi kunena kuti kwawo adyera kapenta.

Kodi nsomba ikanakhala yopanda mudzi umenewu ikanatani? Mu 2004 John Rawls ndi Jeffrey Gordon, pa Washington University ku St. Louis, anaswetsa tinsomba totchedwa zebrafish m'madzi opanda kachilombo ngakhale kamodzi. Matumbo a tinsombato sanakule bwino, ndipo tinkavutika kuyamwa chakudya. Atatipatsa mabakiteriya a anzawo, matumbo anayamba kugwira ntchito monga mwa nthawi zonse. Agogo athu sangadabwe nazo zimenezi. Amadziwa kuti munkoyo, thobwa ndi chambiko zimasasa bwino m'chipanda chakale kusiyana ndi chatsopano, n'chifukwa chake sachikwecha mpaka kuyera. Zotsalira zija ndi mbewu ya tizilombo tabwino. Matumbo nawonso amafuna mbewu yawo.

Mbewuyo imachokera m'madzi. Kansomba kakamaswa, m'mimba mwake mumakhala mulibe kanthu kwenikweni. Kakangotsegula kukamwa, tizilombo ta pa chikhungwa cha dzira, ta m'madzi ndi ta pa chakudya choyamba timalowa. Koma si onse olowa amene amapatsidwa malo. Mu 2006 Rawls ndi anzake anatenga mabakiteriya a m'matumbo a mbewa n'kuwaika mu zebrafish, a zebrafish n'kuwaika mu mbewa. Patapita masiku, gulu lochokera ku mbewa linasintha kachulukidwe kake n'kuyamba kufanana ndi la nsomba, ndipo lochokera ku nsomba linayamba kufanana ndi la mbewa. Madzi amabweretsa alendo, koma mwini mudzi ndi amene amasankha woti amange nyumba.

Mchere ukalowa

Pa zonse zimene zimasintha mudzi umenewu, mchere uli patsogolo. Chifukwa chake chili m'thupi la nsomba momwemo. Nsomba ya mumtsinje simwa madzi kwenikweni. Magazi ake ali ndi mchere wambiri kuposa madzi oizungulira, choncho madzi amangolowa okha m'thupi, ndipo ntchito ya impso zake ndi kuwataya. Nsomba ya m'nyanja yamchere ili ndi vuto losiyana: madzi a m'thupi mwake amathawira kunja, ndiye imayenera kumwa kosalekeza, matumbo n'kumayamwa madziwo, mchere wotsala n'kumatulukira m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Tsono nsomba yokhala pakati, m'madzi a mchere pang'ono, imasinthasintha. Mchere ukakwera imayamba kumwa, ndipo matumbo amene dzulo munkadutsa chakudya chokha lero mukudutsa madzi amchere.

Alendo a m'matumbomo sangakhale osamva kusinthaku. Mu 2015 ofufuza a ku America anatenga kansomba kotchedwa molly, kamene kamatha kukhala m'madzi amitundu yonse, n'kumawonjezera mchere pang'onopang'ono m'matanki ake. Mabakiteriya amene anali ochuluka poyamba, monga Aeromonas ndi Cetobacterium, anazimirira, ndipo malo awo anatengedwa ndi ena okonda mchere, a m'banja la Vibrio. Nsomba inali yomweyo, chakudya chomwecho, koma anthu a m'mudzi anali atasamuka n'kubwera ena.

Zambia ndi Malawi alibe gombe la nyanja yaikulu, mwina wina n'kuganiza kuti nkhani ya mchereyi ndi ya anthu a ku Beira ndi Quelimane. Koma tili ndi Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi ndi Phalombe amathiramo, koma madzi amachoka pouluka ndi dzuwa basi, mchere n'kutsala. Ndi yosaya, ndipo madzi akamaphwera mchere umakwera. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ku Kachulu, anthu n'kumayenda wapansi pamene kale ankapalasa. Nsomba zitatu zimene zimaigwira nyanjayi ndi matemba, makumba ndi mlamba, zonse zopirira. Nyanja ikauma matemba amathawira m'mitsinje ndi m'madambo, momwe madzi ake alibe mchere, ndipo ikadzaza amabwerera n'kuswana mochuluka. Gulu la Margaret Kalk la pa University of Malawi linatsatira kuuma kwa mu 1968 ndi kubwerera kwa zamoyo, n'kusindikiza zimene linapeza mu 1979. Nthawi imeneyo chida chowerengera mabakiteriya chinali chisanabwere. Lero chilipo, ndipo matemba a ku Chilwa amachita m'chilengedwe zimene molly uja ankachita m'tanki. Wophunzira wa ku Zomba amene akufuna mutu wa kafukufuku ali nawo pakhomo.

Dzina loti Vibrio liyenera kutiimitsa kaye, chifukwa m'banja limeneli ndi mmene muli Vibrio cholerae, woyambitsa kolera. Bakiteriya ameneyu kwawo ndi m'madzi, makamaka ofunda ndi a mchere pang'ono, ndipo amatha kubisala m'matumbo a nsomba popanda kuidwalitsa. Mu 2019 Yaovi Hounmanou ndi anzake a ku Sokoine University ndi Copenhagen analengeza kuti anapeza mtundu woyambitsa mliri mu dagaa wa m'nyanja ya Victoria, nsomba yofanana kukula ndi usipa wathu, pa nthawi imene kuderako kunalibe mliri. Ku Chilwa asodzi ena amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama pa mabango, kumwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo, ndipo kolera yawavutitsa kambirimbiri. Mu 2016 anapatsidwa katemera wakumwa, ndipo chifukwa cha kuvuta kowapezanso, ena anapatsiratu wachiwiri kuti akamwe okha panyanja. Mliri umene unayamba ku Malawi mu March 2022 unapha anthu opitirira 1,700. Wa ku Zambia, umene unayamba mu October 2023, unapha opitirira 700, ndipo bwalo la National Heroes mu Lusaka linasanduka chipatala.

Pano ndiyenera kusamala ndi mawu anga, chifukwa mphekesera imodzi ikhoza kugwetsa malonda a amayi masauzande. Kolera imafala makamaka ndi madzi akumwa oipitsidwa ndi chimbudzi, ndi manja osasamba. Nsomba yophikidwa bwino ilibe vuto, pakuti moto umapha tizilombo tonse, tabwino ndi toipa, n'kusiya chakudya. Pofunika maso ndi pakati pa ukonde ndi poto. Kansomba kakafa, kamayamba kuola kuchokera m'mimba, chifukwa mabakiteriya amene ankakatumikira amayamba kudya mwini nyumba. N'chifukwa chake usipa wochedwa kuuma umaphulika mimba n'kuwawa. Kufutsa kumaimitsa zimenezi msanga. Kuyanika pa thandala kumateteza kuposa kumwaza pamchenga pamene pamadutsa agalu ndi mbuzi, ndipo matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa amene ayesedwa ku Chilwa ndi ku chigwa cha Barotse amatchinga ntchentche ndi mvula. Kunyumba, madzi otsukira nsomba yaiwisi asakhudze chidebe cha madzi akumwa.

Nsomba yogwa ndi mvula

Nkhani imene inandichititsa kukhala pansi n'kulemba zonsezi ndi ya kansomba kamene sikafika pamsika. Mvula yoyamba ikagwa, pamalo amene mwezi wathawo panali matope ong'aluka pamachita thamanda, ndipo pakapita masiku ochepa ana amapezamo tinsomba tofiira ndi tobiriwira. Palibe mtsinje wolumikizana ndi thamandalo, n'chifukwa chake ena amati tinsombati timagwa ndi mvula. Zoona zake n'zakuti mazira ake amakhala atagona m'matope chilimwe chonse, kamwana ka m'kati kataima kukula, kudikira madzi. Asayansi amatitcha Nothobranchius. Mtundu wina, Nothobranchius furzeri, unatengedwa koyamba mu 1968 ku Gonarezhou, ku Zimbabwe, ndipo umapezekanso kum'mwera kwa Mozambique. Mu 2018 gulu la Martin Reichard la ku Czech Republic linapeza kuti m'mathamanda a ku Mozambique kansombaka kamatha kuyamba kuikira mazira patangotha masiku 14 chiswereni. Mwa zamoyo zonse za msana zimene zayezedwa, palibe chokhwima msanga kuposa pamenepa.

Chokhwima msanga chimakalambanso msanga. Ngakhale mutakasunga m'tanki yosauma, kakudya bwino, pakatha miyezi yowerengeka kamayamba kufwifwa, msana kupindika, kusambira mwaulesi, kenako kufa. Kwa wofufuza za ukalamba imeneyi ndi mphatso, pakuti mbewa amaidikira zaka ziwiri kapena zitatu. Choncho zidzukulu za tinsomba ta ku Gonarezhou zili m'malabotale a ku Germany, Italy ndi America.

Ku Cologne, pa Max Planck Institute for Biology of Ageing, Dario Valenzano ndi mnzake Patrick Smith anayang'ana m'matumbo a tinsombati. Anapeza kuti tating'ono tili ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya, koma tikamakalamba mitunduyo imachepa, ndipo otsalawo ambiri amakhala a magulu oyambitsa matenda. Anayerekezanso ndi tinsomba togwidwa kutchire ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, n'kupeza kuti mabakiteriya ofunika kwambiri ndi amodzimodzi. Kenako anayesa chinthu chosavuta kumva. Anatenga tinsomba ta milungu 9 ndi theka, msinkhu wapakati kwa mtunduwu, n'kutipatsa mankhwala opha mabakiteriya kuti m'mimba muyere. Atatero anatiika m'madzi othiramo za m'matumbo a tinsomba ta milungu 6. Tinajompha tinthu toyandamato, mbewu yatsopano n'kulowa. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2017. Tinsomba timene tinalandira mabakiteriya a tiana tinakhala ndi moyo wotalikirapo ndi 37 peresenti poyerekeza ndi timene sitinachitidwe kalikonse, ndiponso 41 peresenti poyerekeza ndi timene tinalandira mabakiteriya a anzawo amsinkhu umodzi. Pa milungu 16, pamene anzawo anali atayamba kukhala phee pansi pa tanki, ito tinali tikadali kuyendayenda ngati tating'ono.

Kunali koyamba kuonetsa mwa chamoyo cha msana kuti mabakiteriya a m'mimba mwa wamng'ono angatalikitse moyo wa wamkulu. Wina asathamange nazo. Munthu si nsomba, ndipo palibe dokotala amene akuchiza ukalamba mwa njira imeneyi. M'zipatala zina za kunja amasamutsadi mabakiteriya a m'matumbo kuchokera kwa munthu wathanzi, koma pochiza matenda otsekula m'mimba oyambitsidwa ndi Clostridioides difficile, ndipo wopereka amayezedwa kwambiri. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti kuchuluka kwa mitundu m'mimba ndi chuma, ndipo chikhoza kutha. Chizolowezi chathu chogula makapisozi pa kantemba mutu ukangowawa, kumwa awiri n'kusiya, chimaseseratu mudzi umene unatenga zaka kuti umangike, n'kusiya olimba mutu amene mankhwala sawaphanso.

Abale ake a kansomba ka ku Gonarezhou ali kwathu konkuno. M'chigwa cha Kafue muli Nothobranchius kafuensis. M'chigwa cha Luangwa, kutsogolo kwa msewu womwewu wodutsa pa Chinyunyu, muli Nothobranchius boklundi, amene anapatsidwa dzina mu 2010. M'mathamanda ozungulira Chilwa muli Nothobranchius kirki, ndipo wa m'zigwa za m'chigawo chapakati cha Malawi anatchedwa Nothobranchius wattersi mu 2013, pa ntchito imene dzina loyamba pa olemba ake ndi la Mmalawi, Enoch Ng'oma. Tinsombati timadya mphutsi za udzudzu. Timakhala m'malo amene ife timawaona ngati opanda ntchito, oyenera kuumbapo njerwa, kukumbapo mchenga kapena kukhetsa madzi kuti tilimepo dimba. Anthu akukwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzagwada m'matope amenewa ndi kaukonde m'manja, pamene mwana wa sukulu wa m'mudzi womwewo sanauzidwepo kuti m'thamanda la kuseri kwa kalasi yake muli chinthu chimene dziko likuphunzirapo. Ndikanakonda aphunzitsi a sayansi a ku Rufunsa, ku Mambwe ndi ku Machinga atamatenga ana kupita nawo kumeneko mu January, madzi akadalipo.

Palinso chifukwa china chimene nkhaniyi ikukhudzira Rufunsa. Bomali linali m'gulu la madera amene anasankhidwa pa ntchito ya boma la Zambia yotukula ulimi wa nsomba, yothandizidwa ndi African Development Bank, ndipo alimi ambiri akulimbikitsidwa kukumba maiwe. Ndi chinthu chabwino, chifukwa nsomba za m'mitsinje zikuchepa pamene pakamwa pakuchuluka. Koma dziwe ndi mphika wotsekeka, chimene mwathiramo chimakhala momwemo. Mlimi amathira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, nsomba zipeze chakudya. Ngati nkhukuzo zinkamwetsedwa maantibayotiki tsiku ndi tsiku, manyowawo amabwera ndi zotsalira za mankhwala pamodzi ndi mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo zonsezi zimathera m'mimba mwa nsomba. Akadzaza nsomba zambiri m'dziwe laling'ono, mpweya umachepa, nsomba zimafooka, ndipo Aeromonas amene ankakhala mwamtendere m'matumbo amasanduka mdani n'kuyambitsa zilonda. Mlimi akaona nsomba zikuyandama amathamangira mankhwala ena, vuto n'kukula. Madzi oyera, nsomba zochepa pa dziwe, manyowa owola bwino ndi kufunsa alangizi a za nsomba musanathire kalikonse, zimateteza mudzi wa m'mimba uja kuposa botolo lililonse. Ndipo madzi otayidwa m'dziwe amatsikira kudambo, kumene kuli tinsomba tamtchire timene ana amagwira ndi mono.

Kudamboko kumafikanso zina. Wopopera thonje kapena tomato akatsukira mpope wake m'khwawa, wothira katupe kuti aphe nsomba zonse za padziwe kamodzi, wokoka neti ya udzudzu imene imasesa ndi tiana tomwe, aliyense amachotsapo kanthu. Chaka cha 2024 chinaonjezera chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, mvula itadula pakati pa dzinja. Kwa chimanga zotsatira tinaziona tonse. Kwa Nothobranchius ngozi imakhala yakuti thamanda lidzaze, mazira aswe, kenako madzi aphwe tinsombato tisanaikire ena. Chimene chimapulumutsa mtunduwu n'chakuti mazira saswa onse nthawi imodzi. Ena amatsalira m'matope kudikira mvula yotsatira.

Mu October, mukamatsika kuchoka pa Chinyunyu kulowera ku Luangwa, kutentha kumakhala kwa mnanu ndipo zigwa zimakhala zitauma gwa. Dothi lakuda limang'aluka ming'alu yolowa dzanja, ng'ombe n'kumapondapo popita kukasaka madzi. Kutsogolo m'chigwamo, pansi pa dothi lotere, muli mazira aang'ono ngati njere za mawere. Mvula ikadzagwa mu November kapena December adzaswa pasanathe tsiku, ndipo kansomba kalikonse kadzatsegula kukamwa n'kumeza madzi a m'thamandamo, ndi zonse zimene zakokolokeramo kuchokera kumtunda.